Firiji Yotembenuza ya Mfumu Sindilakwa

M'dziko la Zilibwino munalibe chisanu. Sikuti chinachoka chokha ayi, anachichotsa ndi lamulo. Chaka chimene Mfumu Sindilakwa Wachitatu inalowa ufumu, a Vomerani, nduna ya zanyengo, analengeza pa wailesi kuti kuzizira linali khalidwe la maufumu akale, ndipo kuyambira tsikulo kunja kuzikhala kofunda chaka chonse. Munthu wonena kuti kwazizira ankatengedwa kukafunsidwa kuti wamutuma ndani. Choncho mwezi wa Juni ukafika, anthu a mumsika wa Tingopirira ankavala majekete awiriawiri ndi zipewa zoluka, n'kumalonjerana mano akugogoda.

"Mwadzuka bwanji, a Likongwe?"

"Ndadzuka, mayi. Thukuta lokhalokha."

Wofunsayo anali Elube Mtambalika, mayi wokonza mafiriji, amene shopu yake inali kumapeto kwa msika, moyang'anizana ndi mpanda wakumbuyo wa nyumba yachifumu. A Likongwe ankagulitsa nyama khomo lotsatira. Elube anali atagwira ntchitoyi zaka makumi awiri, ndipo panalibe firiji mumsikamo imene sankaidziwa matenda ake. Matendawo anali amodzi: magetsi ozimazima, obwera mwadzidzidzi n'kuwotcha makina. Ntchito sinkamusowa, koma sinkamusangalatsa, chifukwa aliyense wobwera ndi firiji yakufa ankabweranso ndi nkhani ya nsomba zimene zawola.

Lolemba lina m'mawa galimoto yakuda inaima pakhomo pake. Munatuluka a Dyeratu, nduna ya zomangamanga, munthu wathupi amene ankapuma ngati wakwera phiri pomwe wangotsika pampando. Anamuuza kuti atseke shopu, akufunidwa kuseri kwa mpanda.

Mu ofesi ya ndunayo anapezamo a Vomerani atakhala pafupi ndi mbaula yamagetsi, imene ankati ndi youmitsira mapepala. A Dyeratu ndi amene anafotokoza. Mwinidziko ali ndi dziwe losambiramo, ndipo masiku ano madzi ake akusowa ulemu. Mwinidziko akangoviika phazi, madziwo amawaluma. Akatswiri akunja anabwera kawiri kudzaika makina ophunzitsa madziwo khalidwe, koma onse anapempha kuti aone dziwelo ndi maso, ndiye anabwezedwa pa ndege yotsatira.

"Akazi anga akuti munawakonzera firiji imene anthu atatu anailephera," anatero a Dyeratu. "Makina oterewa mumawadziwa?"

"Ndimawadziwa, Olemekezeka. Ndi firiji yotembenuza basi. Firiji imachotsa kutentha mkati n'kukutaya kunja, n'chifukwa chake kumbuyo kwake kumafunda. Awa amatenga kutentha mumpweya wakunja n'kukuthira m'madzi."

"Mpweya wa ndani?" anafunsa a Vomerani.

"Wa amfumu, Olemekezeka."

A Vomerani anagwedeza mutu, atakhutira.

Elube anafotokoza kuti makinawo ali ngati nsapato, sagulidwa mongoganizira. Aang'ono amalira tsiku lonse madzi osasintha, aakulu amadya magetsi pachabe. Ankafunika kudziwa kukula kwa dziwe, ndiponso mmene kunja kumakhalira m'mawa wa mwezi uno.

"Dziwelo ndi mamita 100 m'litali, 50 m'lifupi," anayankha a Dyeratu osayang'ana pepala. "Ndinamanga ndine. Ana asukulu amaloweza."

"Kunja ndi madigiri 28," anawonjezera a Vomerani. "Chaka chonse."

Elube anayang'ana pansi. Kukanakhala kuti kunja n'kofunda choncho, madziwo sakanaluma munthu. Koma anali atakula mokwanira kudziwa kuti mawu otere amatulukira pakamwa n'kukathera kundende. Anangopempha kuti amulole akaone pomwe mapaipi adutse. A Dyeratu anaganiza kanthawi, n'kuvomera, poti wamsika samakwera ndege, ndipo akalankhula zopusa n'kosavuta kumupeza.

Dziwelo linali lokongola ndithu. Pansi pake panali nkhope ya mfumu yopangidwa ndi matailosi, ikumwetulira kudzera m'madzi. Koma Elube atangoima m'mphepete anaona kuti munthu atalavula mwamphamvu malovu angagwere tsidya linalo. Anadikira kuti msilikali womuperekeza atembenuke, n'kutulutsa tepi yake. Mamita 12 m'litali, 6 m'lifupi, kuya kwake mita imodzi ndi theka. Anayezanso kachiwiri, ngati kuti tepiyo ingasinthe maganizo. Kenako anatulutsa kachipangizo kake koyezera mafiriji. Mpweya unali pa madigiri 9, madzi pa 16.

Apa m'pamene anamvetsa zinthu ziwiri zimene ankazimva kwa zaka zambiri. Choyamba, chifukwa chimene nyumba ya a Dyeratu kumudzi kwawo inali ndi zipinda makumi atatu za simenti yabwino. Chachiwiri, mmene mfumu, nkhalamba ya maondo otupa, inasambirira mamita 100 m'masekondi makumi awiri tsiku lotsegulira dziwelo, mpaka kutchedwa wosambira wa liwiro kuposa munthu aliyense padziko lapansi. Tsikulo linali tchuthi chaka chilichonse.

Madzulo ake, msika usanatseke, anakhala pa benchi ya a Likongwe ndi kapepala m'manja.

"Nkhope yagwa bwanji? Akupatsani udindo?" anafunsa a Likongwe akunola mpeni.

Elube anawauza motsitsa mawu. Dziwe lenileni linkafuna makina otulutsa kutentha kwa makilowati makumi atatu, aakulu ngati firiji ya m'bucha, odya magetsi a maketulo atatu. Dziwe la pa wailesi linkafuna makina aakulu ngati basi, odya magetsi a msika wonse ndi nyumba zozungulira.

"Ndiye muika ati?"

"Ndikaika aang'ono, ndanena kuti dziwe ndi laling'ono, ndiye kuti amfumu sathamanga m'madzi. Ndikaika aakulu, madzi awira ngati a tiyi, ndipo inu muiwale za firiji."

A Likongwe anayesa mpeni pa chala. "Ine mwana wanga akulemba mayeso chaka chino ndi nyama yomweyi, mayi. Koma inunso muli ndi ana. Sindikuuzani chochita."

Elube anagona nayo nkhaniyo masiku awiri. Tsiku lachitatu anapita kwa a Dyeratu okha, n'kutseka chitseko, n'kuika tepi yake patebulo. Ndunayo inayang'ana tepiyo nthawi yaitali.

"Mwayeza," anatero.

"Tepi ndiyo inayeza, Olemekezeka. Ine ndinangoigwira."

"Mukudziwa kuti anthu asowapo chifukwa cha zochepa kuposa apa?"

"Ndikudziwa. Koma ndikasowa ine, mubweretsa makina aakulu, ndipo tsiku limene amfumu adzatuluke m'madzi khungu litasupuka, adzafunsa amene anasankha makinawo."

Kenako anawauza maganizo ake. Agule makina aang'ono oyenera dziwelo. Awamangire chibokosi cha malata chachikulu ngati basi, chopakidwa mitundu yachifumu, chokhala ndi mipata yambiri yopitira mpweya ndi chitseko chimodzi chokhoma. Anthu aziona chibokosi, madzi aziona makina.

Nkhope ya a Dyeratu inayamba kuwala pang'onopang'ono, ngati ya munthu amene waona kuti mkati mwa chibokosi chopanda kanthu mungakwane nyumba ina ya zipinda makumi atatu. Elube anaona kuwalako ndipo mtima unamuwawa, koma ankaganiza za mafiriji.

Panatsala nkhani ya chivundikiro, ndipo imeneyi inafika mpaka ku bwalo la nduna. Elube anali atalemba kuti dziwe lizivundikiridwa ndi lona pamene palibe wosambira, chifukwa kutentha kwambiri kumathawira pamwamba pa madzi, makamaka kukamawomba mphepo. Popanda lona, makinawo angafanane ndi munthu wotunga madzi ndi dengu. Anamuitana kuti akayankhe pamaso pa nduna khumi ndi zisanu ndi zitatu.

"Mayiyu akufuna kuphimba nkhope ya Mwinidziko," anatero a Vomerani ataimirira. "Timaphimba nkhope ya munthu wotani, anzanga?"

Nduna ya zachitetezo inayamba kulemba dzina la Elube, n'kufunsa ngati Mtambalika amalembedwa ndi h. Anakambirana kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Wina anati lonayo ikhale yoonekera mkati. Wina anati asilikali makumi anayi aziima mozungulira dziwe kutchinga mphepo. Wina anapempha kuti kukhazikitsidwe komiti yofufuza ngati kutentha kuli ndi chilolezo chothawa.

Elube anakweza dzanja.

"Olemekezeka, bwanji pa lonapo tijambulepo nkhope ya amfumu, yaikulu kuposa yapansiyo? Panopa nkhope imaoneka kwa oima m'mphepete okha. Ikakhala pamwamba, ngakhale a m'ndege aziiona."

Anawomba m'manja mphindi zitatu. Pa wailesi madzulo ake anati maganizowo anali a a Vomerani.

Ntchito yoika makina inatenga masabata awiri, ndipo Elube anaigwira mosamala ngati mmene ankagwirira ntchito ina iliyonse. Anathira konkire yosalala pafupi ndi dziwe kuti mapaipi akhale aafupi, kutentha kusatayikire m'njira. Analumikiza makinawo pomwe madzi amatulukira mu sefa kuti azilandira madzi oyera, koma mankhwala oyeretsera madzi anawaika kumapeto kwenikweni kuti asadye zitsulo. Anasiya mpata wokwanira kuti chikupizira chizikoka mpweya watsopano, osati womwe chautaya kale. Amisiri a malata anamanga chibokosi chawo iye atamaliza ndi kuphimba zonse, ndipo kiyi anasunga a Dyeratu m'thumba la mkati.

Waya wa magetsi sanautenge kunyumba yachifumu. Anaudutsitsa pansi pa mpanda n'kukaulumikiza ku thiransifoma ya msika. Pa pepala analemba kuti mzere wa kunyumba yachifumu unali utadzaza kale ndi nyali zowalitsa chiboliboli cha mfumu, ndiponso unali kutali mamita mazana anayi, pomwe thiransifoma ya msika inali pafupi, ndipo waya wautali umafooketsa magetsi. Zonsezi zinali zoona. Panali chifukwa china chimene sanalembe. A Dyeratu anasaina osawerenga.

Patatha masiku anayi makina akulira, madzi anafika pa madigiri 28, ndipo kunachitika mwambo. Kunabwera gulu la malipenga, ana asukulu ndi akazembe. A Dyeratu analankhula maola awiri. Anati makina otere kulibe kwina kulikonse, kuti mafumu oyandikana nawo akudwala ndi nsanje, kuti mphamvu yake ingawiritse mtsinje. Mfumu inatsika masitepe atatu, madzi n'kufika m'chiuno, n'kutseka maso. Elube, ataima kumbuyo kwa oimba, anaona nkhope ya nkhalambayo ikumasuka, ndipo mosafuna anamva kukoma kumene mmisiri amamva chinthu chikagwira ntchito.

M'mawa mwake msika unadzuka wopanda magetsi. Wailesi inafotokoza kuti makina aakulu amafuna chakudya chachikulu, choncho anthu a ku Tingopirira apatsidwa mwayi wopereka magetsi awo onse kwa Mwinidziko mpaka mtsogolo muno.

Elube anathamangira kwa a Dyeratu. "Olemekezeka, makina aja amadya ngati maketulo atatu. Mukudziwa inu."

"Ndikudziwa ine, mukudziwa inu. Koma dzulo ndauza dziko lonse kuti angawiritse mtsinje. Magetsi akapanda kuzima penapake, anthu ayamba kufunsa mafunso. Chinthu chachikulu chimayenera kumveka kuwawa kwake."

Anatsegula pakamwa kuti awauze za waya, koma anatsekanso. Akanawauza tsiku lomwelo, akanatuma munthu mwakachetechete kukausamutsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Panafunika kuti woyamba kudziwa akhale wa maondo otupa uja.

Masiku amene anatsatira anali oipa kuposa onse amene Elube anakhalapo mumsikamo. Dziwe lovundikiridwa silizizira msanga, limataya digiri imodzi kapena ziwiri pa tsiku, ndipo iye ankawerengera mumtima. Nyama sinkadikira choncho. Tsiku lachiwiri a Likongwe anayamba kuwamba imene akanatha kupulumutsa. Tsiku lachitatu amayi a nsomba anakataya madengu asanu kudzala, ndipo pobwerera anadutsa pa shopu ya Elube osamulonjera. Wina analemba ndi makala pachitseko chake kuti Nduna ya Mdima. Msilikali wina wapampanda anadabwa kuti chibokosi chasiya kulira, koma a Dyeratu anamuuza kuti makina amakono akazolowera malo amagwira ntchito mwakachetechete.

Tsiku lachinayi a Likongwe anabwera kudzaima pakhomo pake, manja ali kumbuyo.

"Munati aang'ono, mayi."

"Ndi aang'ono."

"Ndiye mwendo wa ng'ombe uja ndaukwirira chifukwa cha maketulo atatu?"

"Ndipatseni masiku awiri, a Likongwe."

A Likongwe anangobwerera ku benchi yawo yopanda kanthu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi asilikali anayi anabwera kudzamutenga. Anamupititsa molunjika kudziwe, kumene nduna zonse zinali zitaima pamzere, ndipo mfumu inali pampando itafunda mkanjo wochindikala, phazi limodzi lonyowa. Pafupi inkaoneka yaing'ono kuposa ya pa matailosi.

"Ndiwe unaika makinawa?" inafunsa ndi mawu otsika.

Elube anagwada. "Ndine, Mwinidziko."

"Madzi ayambiranso mwano. Chifukwa chiyani?"

"Makinawo ali bwino, Mwinidziko, koma ali ndi njala. Amadyera mbale imodzi ndi msika. Msika ukazimitsidwa, nawonso amazima. Zili pa pepala limene a nduna anasaina."

Mfumu inatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana a Dyeratu. "Ndiye magetsi amene anthu anga a kumsika akhala akundipatsa sabata yonseyi akupita kuti?"

A Dyeratu anayamba ziganizo zitatu osamaliza ngakhale chimodzi. Pomaliza anati vutolo ndi laling'ono, wayawo usamutsidwa lero lomwe.

"Zitheka, Mwinidziko," anatero Elube maso ali pansi. "Kungoti waya wa kunyumba yachifumu sindiloledwa kuugwira ndekha. Pafunika mainjiniya a ku ofesi ya magetsi. Abwere asanu kapena asanu ndi mmodzi, titsegule chibokosichi, ayeze mphamvu ya makinawo. Nanunso mukhoza kusuzumiramo."

"Ayi," anatero a Dyeratu mofulumira, dzanja lili pa thumba la mkati. "Makina oterewa akaonedwa ndi anthu ambiri amataya mphamvu. Ndi chinsinsi cha boma. Ine ndikupempha kuti wayawo usakhudzidwe."

Mfumu inayang'ana chibokosicho, kuchokera kumutu mpaka kumchira. Inayang'ana a Dyeratu. Kenako inayang'ana Elube nthawi yaitali, ndipo iye anaona m'maso mwa nkhalambayo kuti palibe chimene sinkachidziwa, kuyambira kutalika kwa dziwe mpaka zam'kati mwa malata. Inkangofuna madzi ofunda.

"Lembani," inatero.

Lamulolo linamveka pa wailesi masana omwewo. Poona chikondi chimene anthu a ku Tingopirira aonetsa, Mwinidziko mwa chifundo chawo alamula kuti magetsi a msikawo asadzazimenso ngakhale mphindi imodzi, ndipo wogwira ntchito ku ofesi ya magetsi amene adzayerekeze adzazengedwa mlandu woukira ufumu. Anthu analamulidwa kuguba kukathokoza.

Anagubadi, ndipo kwa nthawi yoyamba ena ankaimba ndi mtima wonse. Mafiriji analira usana ndi usiku. Ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo anasamukira ku Tingopirira kuchokera m'madera ena. Amayi a nsomba anafufuta okha makala pachitseko cha Elube, ndipo a Likongwe anamubweretsera chiwindi chokulunga mu pepala, n'kuchiika patebulo. Ntchito yake yokonza mafiriji inachepa ndi theka, koma sanadandaule.

Chibokosi chachikulu chinkafunikabe kumveka kuwawa kwake penapake. Sabata yotsatira wailesi inalengeza kuti mwayi wodyetsa makina a Mwinidziko wapita kwa anthu a ku Musadandaule, dera la kutsidya kwa mtsinje, kumene kunali zigayo ziwiri, sukulu ndi kachipatala ka amayi oyembekezera.

Patapita masiku khumi, Elube akumasula fani ya munthu, pakhomo pake panaima anthu asanu. Patsogolo panali mayi wachikulire wovala yunifolomu yoyera yotuwa, amene anati ndi Mayi Nankhoma, mzamba wa ku Musadandaule. Elube anawapatsa benchi, akudikira kutukwanidwa.

Mayi Nankhoma anafotokoza modekha. Firiji ya katemera inazima. Ana awiri abadwa powunikira ndi foni. Anapita ku ofesi ya magetsi, anawauza kuti akhale onyadira. Anapita kwa a Dyeratu, anawapatsa kalendala ya nkhope ya mfumu.

"Pepani, mayi," anatero Elube. "Ine ndimafuna kupulumutsa msika. Sindinaganize kuti apita nazo kwanu."

"Sitinabwere kudzakudzudzulani. A Likongwe ndi alamu anga, atiuza mmene munachitira." Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Tamva kuti amfumu ali ndi mlongo wawo, wa msana wovuta. Tinaganiza zomupatsa mphatso ya dziwe, ife anthu a ku Musadandaule, mwa chikondi chathu. Kuseri kwa chipatala kuli malo. Azibambo ayamba kale kukumba."

Elube anawayang'ana mmodzimmodzi. Palibe amene ankaseka. Anaika sikuludiraiva pansi n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mwakumba motalikirana bwanji ndi thiransifoma?"

"Pansi pake penipeni," anayankha Mayi Nankhoma.